Thandizeni abale, mphete ya chinkhoswe: timano 4 kapena 6?

Abale muli bwa? Ine ndili kuno ku Kasungu, chinkhoswe chayandikira ndiye achimwene anga omwe ali ku Joni akufuna anditumizire mphete ya dayamondi, koma funso lawo landizunguza mutu. Akuti timano tija timagwira mwala pamwamba pa mphete, asankhe 4 kapena 6?

Zomwe ndamva, ya timano 4 mwala umaonekera bwino poti chitsulo sichiuphimba kwambiri, koma kamodzi kakangopindika basi dayamondi atha kugwa osadziwa. Ya 6 ija, sitayilo yomwe kampani yogulitsa mphete ya Tiffany inayambitsa mu 1886, imagwirabe ngakhale kamodzi kathyoke, kungoti kamwala kathu nkakang'ono, 0.3 carat, ndikuopa kuti kabisika.

Vuto lenileni ndi loti akazi angawo ndi namwino, magulovu tsiku lonse, kunyumbanso kuchapa ndi manja... timano tatitali sitingamakole ndi kung'amba zinthu? Kapena ndingotenga bezel yozinga mwala wonse? Nanga golide wa 14K ndi 18K, wolimba ndi uti? Komanso timano tikamasuka alipo okonza ku Lilongwe kapena mpaka ibwererenso ku Joni? Azimayi omwe mumavala daily tandiuzeni chonde.