Achimwene sakukhazikika chiyambireni haloperidol, ndi matenda kapena mankhwala?

Wofunsa: A admin ndibiseni dzina chonde. Achimwene anga, a zaka 31, anadwala matenda a ubongo miyezi itatu yapitayo. Ankamva mawu amene ife sitinkawamva, usiku osagona. Kuchipatala anawapatsa haloperidol, ndipo kunena zoona mawu aja anatha patangopita masabata ochepa. Mitima inakhala pansi.

Koma pabuka china. Satha kukhala pansi ngakhale mphindi zisanu. Akakhala pampando miyendo imangogwedezeka, kenako nyamu, kukafika pakhomo, kubwerera, kukhala, kudzukanso. Dzulo pamene ndimatsuka mbale ndinawawerengera, anadzuka ka 7. Ndikafunsa amati, "Mlongo, m'mutu muli bwinobwino, koma m'miyendomu muli ngati mwalowa nyerere." Akagwira kapu dzanja limanjenjemera.

Amayi akuti matenda akubwerera, tikapemphe kuti awonjezere mankhwala. Ine mtima ukukana. Nthawi ija amadwala maso awo anali achilendo, pano akulankhula zanzeru, akufunsa ngakhale za kuntchito. Chandiopsa n'chakuti lero posesa ndapeza mapiritsi anayi pansi pa matiresi. Sindinawauze kuti ndawaona. Tsiku lokaonana ndi dokotala ndi kumapeto kwa mwezi. Ndidikire kapena nditani?

Mayi wina: Pepani asisi. Mankhwala amenewa amaumitsa munthu, ingowasiyitsani apume kaye.

Amene anadutsamo: Ayi mayi, musawasokeretse. Ine ndinasiya ndekha chifukwa cha zomwezi, patangotha miyezi iwiri ndinagonekedwanso, ndipo ulendo wachiwiriwo unali woipa kuposa woyamba. Asisi, zimene mukufotokozazo dzina lake ndi akathisia. Amene sanazione sangamvetse. Thupi latopa, tulo ukutifuna, koma miyendo ikukulamula kuti dzuka. Ine ndinkayenda m'chipinda mpaka tambala kulira. Achimwene anuwo sakubisa mapiritsi chifukwa cha mwano, akuthawa ululu. Musawakalipire, komanso musathamangire kuuza banja lonse, angachite manyazi n'kusiya kukukhulupirirani. Akakhala okha muwauze kuti mwaona, ndipo mukufuna mupitire limodzi kuchipatala.

Namwino wa pagulu pano: Sindingapime munthu pafoni, koma zizindikirozi n'zodziwika. Haloperidol amachepetsa mphamvu ya dopamine, chinthu chachilengedwe chonyamula mauthenga mu ubongo, n'chifukwa chake mawu aja anatha. Vuto n'lakuti dopamine yemweyo ndi amene amathandiza kuti thupi liziyenda mofewa, ndiye ena amauma, ena amanjenjemera, ena amalephera kukhazikika. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa: amaona munthu akuyendayenda, amati wayambiranso, mlingo ukawonjezedwa vuto limakula. Awuzeni amayi zimenezi mwaulemu.

Musadikire kumapeto kwa mwezi, pitani sabata ino. Dokotala ali ndi njira zingapo. Akhoza kuchepetsa mlingo, akhoza kuwonjezera benzhexol, amene ambiri amati Artane, wothandiza kuuma ndi kunjenjemera, kapena propranolol pa kusakhazikikako. Akhozanso kusintha n'kupereka risperidone kapena olanzapine, ngakhale nawonso ali ndi zawo: olanzapine amanenepetsa ndipo amatha kukweza shuga. Musagule nokha chilichonse mwa izi. Ndipo za mapiritsi anayi aja mukanene, chifukwa dokotala akamaganiza kuti akumwa onse, aona molakwika mmene mankhwala akugwirira.

Koma mukaona thupi latentha kwambiri, lauma lonse, munthu akusokonezeka, kapena khosi lapindika, maso atembenukira m'mwamba, thamangani nawo ngakhale usiku. Chimodzimodzi akayamba kunena zoti atopa ndi moyo, chifukwa akathisia imafikitsa ena pamenepo.

Bambo wina: Awajambule kavidiyo pafoni, koma atawapempha kaye. Mkazi wanga akafika pamaso pa dokotala amadzigwira, n'kumaoneka ngati palibe vuto. Vidiyo ndi imene inatithandiza.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndalankhula nawo madzulo ano titakhala awiri. Poyamba anakana, kenako analira, akuti amaopa kuti akanena tiwabweza ku wodi. Avomera kuti tipite mawa m'mawa, bola ndikalowe nawo ndine osati amayi. A namwino, nanga piritsi la usiku uno amwe kapena adikire kaye mawa?

Namwino wa pagulu pano: Limenelo sindingalamule ndili kuno. Ngati pakhadi pawo pali nambala ya kuchipatala imbani pompano mufunse. Chokhacho, asamwe anayi aja pamodzi kuti abweze masiku amene anadumpha. Mapiritsiwo muwatenge mawa, dokotala akawaone.