Sinowo pa Van Reenen: ndingadziwe bwanji ndisananyamuke ku Durban?

Funso: Akuluakulu a m'gulu muno, makamaka inu oyenda ndi mathiraki pa N3, msewu waukulu wochokera ku Durban kupita ku Johannesburg. Katundu wa ku Lilongwe akuyenera kunyamuka ku Durban Lachinayi, koma zikumveka kuti mapiri a Drakensberg ayera ndi sinowo sabata ino. Foni ikungosonyeza mvula. Ndiyang'ane chiyani, ndipo ndidikire kapena ndipite?

Yankho 1: Achimwene, foniyo ikukuuzani za pamene mwaima. Durban ili m'mbali mwa nyanja, pomwe Van Reenen's Pass, chikweza chomwe N3 imadutsira mapiriwo, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,680. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7. Ndiye Durban ikakhala pa 12 ndi mvula yamvumbi, pamwamba paja ndi 1 kapena 2, ndipo mvula yomweyo ikugwa ngati sinowo.

Pa maapu a zanyengo monga Windy kapena yr.no lembani Van Reenen, Harrismith ndi Mooi River, osati Durban. Funani zinthu ziwiri pamodzi: chinyezi, ndi chomwe amachitcha freezing level, msinkhu umene mpweya umafika pa 0. Msinkhuwo ukatsika pansi pa mamita 2,000 kunja kukugwa mvula, chenjerani, chifukwa sinowo imatha kufika mamita 300 kumunsi kwake isanasungunuke. Kuzizira kopanda chinyezi n'chisanu chabe. Kuyerekeza kwake: milimita imodzi ya mvula imapereka sentimita imodzi ya sinowo.

Yankho 2: Kuwonjezera apo, mverani mawu amene a South African Weather Service akugwiritsa ntchito. Cold front, mphepo yozizira yobwera ndi mvula, imadutsa msanga. Cut-off low, mpweya wozizira wodzipatula m'mwamba, ndiye yovuta, imazungulira malo amodzi n'kumakoka chinyezi ku nyanja ya Indian, ndipo ikasuntha pang'ono sinowo imakagwera kwina. N'chifukwa chake ulosi wa masiku 5 umasinthasintha. Dalirani wa maola 24 mpaka 48. Machenjezo awo ali ndi manambala: 1 mpaka 4 achikasu, 5 mpaka 8 a olenji, 9 ndi 10 ofiira. Pa olenji ine ndinganene kuti musakwere. Musanamizidwenso ndi kalendala: sinowo yomwe inatseka N3 anthu n'kugona m'magalimoto inagwa pa 20 ndi 21 Seputembala 2024, nyengo yozizira itatha kale.

Wofunsa: Nanga kuzembera pa N11 ku Newcastle, kapena R74 ya Oliviershoek?

Yankho 2: Zonsezo zimakwera mtandadza womwewo wa mapiri. R74 ndi yopapatiza, thiraki yolemera isapiteko. Onani uthenga wa N3TC, omwe amayang'anira N3 kuyambira Cedara mpaka Heidelberg, ndipo ganizo lipangidwe musanadutse Tugela Plaza, zipata zolipirirapo zomwe zili chikweza chisanayambe. Kutsogolo kwake kotembenukira n'kosowa.

Yankho 3: Mbali ya galimoto, bambo. Tulutsani madzi m'matanki a mpweya usiku musananyamuke; akaundana m'mapaipi mabuleki amakana kumasuka. Antifreeze, mankhwala oletsa madzi a mu rediyeta kuundana, ikhale theka ndi theka ndi madzi. Dzazani dizilo musanayambe chikweza. Potsika pamsewu woterera zimitsani retarder, buleki yothandizira ija, chifukwa imagwira matayala oyendetsa okha, ngolo n'kukukankhani mpaka thiraki kupindika. Giya yotsika, buleki pang'onopang'ono, ndipo mpata ndi wakutsogolo ukule. Pa ayezi mtunda woimira umatha kuchuluka kakhumi. Milatho imaundana msewu usanaundane, makamaka mbandakucha, ndipo ayezi wake amaoneka ngati phula lonyowa basi.

Mukatsekeredwa, musatuluke kukayenda pansi. Lizani injini mphindi 10 pa ola, ekizozi itachotsedwa sinowo, windo litatsegulidwa pang'ono kuopa utsi. Mabulangete awiri, madzi malita 5, chakudya cha maola 24, power bank.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndiwonanso Lachitatu madzulo. Ikakhala olenji ndiuza abwana kuti thiraki igona ku Durban mpaka N3TC itanena kuti msewu watseguka.