Kodi mbiri ya Malawi kunja amailemba ndani, ndipo boma lingaigule ndi ndalama?

Mphunzitsi wa ku Linga, Nkhotakota

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndikupempha nzeru pa nkhani imene imandivuta ndikamaphunzitsa ana a sekondale za ubale wa dziko lathu ndi mayiko ena. Munthu akafufuza dzina la Malawi m'nyuzipepala ndi m'mawailesi akuluakulu akunja, zimene zimatuluka kawirikawiri ndi njala, kolera ya mu 2022 ndi 2023, namondwe Freddy, kuphedwa kwa abale athu achialubino, mphekesera za anamapopa zimene zinavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, komanso nkhani ya fisi wa ku Nsanje imene BBC inaulutsa mu 2016. Sindikunena kuti zimenezi ndi zabodza, pakuti kolera ija inafika ngakhale kuno kunyanja ndipo tinaika maliro. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mlendo amene sanapondepo kuno amatidziwa ndi zimenezi zokha, ndipo ana athu, amene tsopano amawerenga nkhani zomwezo pa foni, ayamba kuliona dziko lawo ndi maso a mlendoyo.

Ndikufuna kudziwa ngati atolankhani akunja amachita zimenezi chifukwa chotinyoza, kapena pali chifukwa china chimene ife apansi sitichiona. Ndikufunanso kumva maganizo anu ngati kuli koyenera kuti boma, kudzera mwa akazembe athu ndi nthambi yoona zokopa alendo, liziwononga ndalama polengeza dzina la dziko, monga inachitira Rwanda mu 2018 polipira timu ya Arsenal kuti osewera ake azivala dzina la dzikolo pamkono wa malaya.

Mayi womasulira, Senga Bay

Aphunzitsi, funso lanu loyamba ndiyesa kuliyankha monga munthu amene wakhala akumasulira Chichewa ndi Chiyao kwa alendo obwera kudzajambula kuno ku Salima. Kunyoza kulipo ndithu mwa ena, koma chimene ndachiona chikulamulira nkhani kwambiri ndi ndalama za ulendo. Nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani zimakhazika atolankhani awo a dera lino ku Johannesburg kapena ku Nairobi, ndipo kuti mmodzi wa iwo akwere ndege kubwera ku Lilongwe, mkonzi wake ayenera kukhutira kuti nkhaniyo ndi yaikulu mokwanira kulipirira tikiti, hotela, galimoto ndi womasulira. Mpunga wa kilombero ukachita bwino ku Nkhotakota, kapena magetsi oyendera dzuwa a mamegawati 60 akayamba kugwira ntchito ku Salima monga zinachitikira mu 2021, mkonzi wa ku London saona chifukwa chotumizira munthu. Mudzi ukakokoloka ndi madzi, chifukwa chija chimapezeka tsiku lomwelo.

Pali chinthu chachiwiri chimene anthu ambiri sachidziwa. Mtolankhani akafika, nthawi zambiri amayenda pa galimoto ya bungwe lothandiza anthu, ndipo ndi bungwelo limene limasankha mudzi woti apiteko ndi banja loti acheze nalo. Bungwe lotere limafuna kuti anthu akwawo apitirize kupereka ndalama, choncho silingamutengere mlendo kwa mlimi amene nkhokwe yake yadzaza kapena kwa mayi wa geni amene wamanga nyumba ya malata ndi phindu la usipa. Lidzamutengera kunyumba imene denga lake likudontha. Ine ndamasulirapo mawu a mayi amene anafotokoza nthawi yaitali za banki ya m'mudzi ndi mmene anaphunzitsira ana ake, koma pa kanema panatuluka chiganizo chimodzi chokha, chonena kuti dzulo lake anagona ndi njala. Chiganizocho anachinenadi, ndipo ine ndinachimasulira molondola, kotero palibe amene angaimbidwe mlandu wa bodza. Zinangochitika kuti zonse zimene sizinagwirizane ndi mutu umene mlendoyo anabwera nawo kale zinatayidwa.

Tisaiwalenso mbali yathu. Akuluakulu a boma akamapempha thandizo amagwiritsa ntchito mawu omwewo, akuti ndife amodzi mwa mayiko osaukitsitsa padziko lapansi, ndipo mawa lake amadandaula kuti atolankhani akunja akuipitsa dzina la dziko. Nafenso kumudzi tinaphunzira kalekale kuti galimoto yoyera ikaima, wonena kuti zinthu zili bwino salembedwa dzina.

Wopuma ntchito ya boma, Kaphatenga

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Senga Bay, ndipo ine ndilankhulapo pa funso lachiwiri. Katswiri wa ku America, Joseph Nye, ndi amene anatchukitsa cha m'ma 1990 ganizo lakuti dziko likhoza kupeza zofuna zake mwa kukopa ena, osati mwa kuwaopseza kapena kuwalipira, ndipo anati kukopako kumachokera ku chikhalidwe cha dziko, mfundo zake zoyendetsera boma ndi mmene limachitira ndi anzake. Mukaonetsetsa, zinthu zitatuzi palibe chimene chimagulidwa kwa kampani yotsatsa malonda.

Mbiri yathu yomwe ikutiphunzitsa zimenezi kawiri konse. Mu April 2011 boma la Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yodzudzula ulamuliro wa pulezidentiyo itatuluka m'nyuzipepala. Cholinga chinali kuteteza ulemu wa mtsogoleri, koma zotsatira zake zinali zakuti Britain inabwezanso nthumwi yathu, kenaka inaimitsa thandizo lake la ku bajeti, ndipo pamene anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero za pa 20 July chaka chomwecho, dzina la Malawi linamveka padziko lonse m'njira imene palibe kazembe akanatha kuikonza. Amene tinagona pa mizere ya mafuta masiku amenewo tikukumbukira mtengo wake.

Yerekezani ndi chaka cha 2020. Pa 3 February oweruza asanu a khothi loona za malamulo oyendetsera dziko anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu 2019, chisankho chatsopano chinachitika pa 23 June, ndipo ulamuliro unasintha mwamtendere, asilikali atakana kugwiritsidwa ntchito polimbana ndi anthu. Magazini ya The Economist inasankha Malawi kukhala dziko lopambana la chaka chimenecho, ndipo bungwe la Chatham House la ku London linapereka mphoto yake kwa oweruza aja. Boma silinalipire tambala kuti zimenezi zilembedwe. Chimodzimodzinso ulemu umene asilikali athu osungitsa mtendere apeza ku Congo, ambiri mwa iwo ataphunzira usilikali konkuno ku MAFCO. Mu 2019 bungwe la United Nations linapereka mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima kwa malemu Chancy Chitete, amene anaphedwa mu November 2018 akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania.

Za Rwanda, aphunzitsi, dziwani kuti dzina la pamalaya lija linagwira ntchito chifukwa mlendo akatera ku Kigali amapeza ndege ya dzikolo, misewu yosamalika ndi maofesi oyankha msanga. Ngakhale zili choncho, malayawo sanaletse atolankhani kulemba za nkhondo ya kum'mawa kwa Congo, ndipo kwenikweni anawapatsa poyambira. Ife tikalengeza nyanja yathu kunja pamene msewu wa M5 pakati pa Salima ndi Nkhotakota ukuvutitsa madalaivala nyengo ya mvula, mlendo amene tamuitanayo ndiye adzalemba nkhani yoipa ndi dzanja lake.

Woperekeza alendo, kufupi ndi mtsinje wa Bua

Bambo a ku Kaphatenga anena zoona, koma ndikufuna kuonjezera kuti ngakhale nkhani yabwino ikatuluka, kawirikawiri mwini nkhani sakhala ife. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, njovu zinali zitatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozemba. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo imeneyi inali imodzi mwa ntchito zazikulu kwambiri za mtundu wake. Nyuzipepala zakunja zinalemba kwambiri, komabe zambiri zinatsogoza Prince Harry, amene anathandiza nawo ntchitoyo kwa masabata ochepa mu 2016. Alonda achimalawi amene amagona m'tchire chaka chonse, ndi mafumu ndi midzi imene inayenera kuvomereza mpanda ndi kuphunzira kukhala pafupi ndi njovu, anatchulidwa mongodutsa. Sindikumuda mwana wa mfumuyo ayi, chifukwa popanda iye makamera ambiri sakanabwera, ndipo alendo ena amene ndimawaperekeza anamva za Nkhotakota chifukwa cha iye.

Kalembedwe kameneka n'kakale kwambiri. Mlendo aliyense wofika pa boma amafunsa mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pomupempha kuti asiye malonda a akapolo, ndipo mabuku a alendo amaifotokoza nkhaniyo ngati ya anthu awiri obwera, Msikoti ndi Mswahili. Achewa amene midzi yawo inapasulidwa, ndi anthu amene anawolotsedwa nyanja pa zombo kupita ku Kilwa, amaoneka ngati chiwerengero chabe. Ndi alendo ochepa amene amadziwa kuti m'tauni yomweyi chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu mu 1960, ufulu usanabwere. Komabe sindingakane kuti dzina la Livingstone latipindulira, pakuti ndilo maziko a ubale wathu ndi Scotland, umene unasainidwa mwalamulo mu 2005 ndipo umalumikiza masukulu, mipingo ndi zipatala za mayiko awiriwa. Chimene ine ndimachita ndi kuyamba ndi Livingstone, popeza ndiye amene mlendo wamudzera, kenaka n'kumufotokozera za mafumu a kuno, za mzikiti ndi za Chiswahili chimene chinatsalira m'malankhulidwe a anthu a ku Linga.

Wophunzira utolankhani, kwawo ku Chipoka

Makolo anga, ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono. Choyamba, tisafike poona mtolankhani aliyense wakunja ngati mdani, chifukwa akale anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mu June 2022 BBC, mogwirizana ndi mtolankhani wa konkuno, inaulula za nzika ya ku China imene inkajambula ana a ku Njewa ku Lilongwe akunena mawu odzinyoza m'chilankhulo chimene sankachimva, n'kumagulitsa makanemawo pa intaneti. Munthuyo anathawira ku Zambia, anabwezedwa kuno ndipo khothi linamupeza wolakwa. Anakhala m'deralo zaka zingapo anthu akuona, koma nkhaniyo inagwedeza boma itatuluka kunja. Inalinso mayeso kwa China, imene kuyambira pamene tinasiya Taiwan kumapeto kwa 2007 yamanga nyumba ya malamulo, bwalo la masewera la Bingu ndi sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo pofuna kukondedwa ndi Amalawi, moti ofesi ya kazembe wake inafulumira kudzudzula mchitidwewo.

Chachiwiri, bambo a ku Kaphatenga, ntchito yabwino siimveka yokha nthawi zonse. Timu yathu ya mpira wa manja ya Queens inagonjetsa New Zealand pa masewera a Commonwealth mu 2018, Temwa Chawinga anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya mpira wa amayi ku America mu 2024, ndipo mchemwali wake Tabitha wasewerapo ku Inter Milan, ku Paris Saint-Germain ndi ku Lyon. Pali anthu ku Kansas City, kumene Temwa anakasewera, amene anamva dzina la Malawi koyamba chifukwa cha mtsikana ameneyu. Kugwiritsa ntchito mwayi wotere sikufuna mamiliyoni a Arsenal. Kumafuna kuti ofesi ya kazembe wathu ku Washington ikhale ndi munthu wodziwa kulankhula ndi atolankhani, wokhala ndi zithunzi, ziwerengero zolondola ndi manambala a akatswiri achimalawi amene angafunsidwe za nyengo, za nsomba za mbuna kapena za chuma. Mkonzi wakunja akasowa Mmalawi woyankha foni ola lisanathe, amaimbira mkulu wa bungwe lothandiza, ndipo tabwereranso pa galimoto imene mayi a ku Senga Bay anena.

Aphunzitsi, m'kalasi mwanu mukhoza kutenga nkhani imodzi yakunja ndi ina ya Zodiak kapena ya wailesi ya m'dera ya Nkhotakota yonena za chochitika chomwecho, ndipo ana awerenge kuti ndi Amalawi angati amene alankhula mu iliyonse, ndi angati atchulidwa maina ndi ntchito zawo, ndiponso ndani wapatsidwa mpata wofotokoza chifukwa chimene zinthuzo zachitikira.