"Mapanga awiri avumbwitsa", kodi mwambiwu umanena chani kwenikweni?

Mwana wa ku Linthipe:
Akuluakulu ndithandizeni. Mwezi watha tinaika amalume anga, alongo awo a mayi, ndipo iwo anali a gule kuyambira unyamata wawo, nde maliro awo anayenda mwa gule monga mukudziwira kwathu kuno. Ine ndine mkhristu, ndimaimba kwaya, mpingo sinditchula. Ndinapita, ndinagona pa siwa masiku awiri, ndinawaza nkhuni, ndinagula shuga ndi sopo wa adzukulu, zilombo zitatuluka ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe pafupi ndi mayi chifukwa amalira mpaka mawu anatha. Ku dambwe sindinapondeko, njira sindinagule. Lamulungu lotsatira mkulu wa mpingo wina anandiitanira pambali nkundiuza mwaulemu ndithu kuti "mwana wanga, mapanga awiri avumbwitsa." Basi anathera pomwepo. Mpaka lero zikundizungulira mmutu. Kodi kuvumbwitsa nkutani kwenikweni, nanga mwambiwu ukundikhudza ine?

Agogo a ku Kaphuka:
Mwanawe pepa ndi zovutazo. Mawuwo achokera ku kuvumba. Timati mvula yavumba, munthu wavumbwa, ndiye kuti yamuthera pathupi, ndipo mvumbi ndi ija yosakata tsiku lonse ngati ya ku Bembeke. Ife tikuweta mbuzi m'phiri timathawira ku phanga ikayamba. Tsono pali mnyamata wina amalowa phanga ili nkuona kuti likudontha pang'ono, nkuthamangira linalo, kumeneko nkupeza kuli mphepo, nkubwereranso, pofika madzulo iye wanyowa kuposa amene analibe phanga nkomwe. Makolo amaunena kwambiri kwa mwamuna wa mitala kapena wa zibwenzi, uku akuti wadya uko, uko akuti wadya uku, iye nkugona ndi njala.

Mayi wa Chigwirizano, Dedza boma:
Agogo afotokoza bwino koma tisazembe. Mkuluyo sanalakwe. Mateyu 6:24 akunena za ambuye awiri, 2 Akorinto 6:17 akuti titulukemo pakati pawo tipatuke. Anyamata ambiri amayamba chonchi, lero wangokhala kuseri kwa nkhokwe, mawa akuwomba mmanja ku bwalo, mkuja wapezeka ku liunde usiku. Ine ndaona ana a kalasi akusiya pakati nyengo ya gule ikafika. Nchifukwa chake a Nkhoma anaika chilangizo mmalo mwa chinamwali cha kumudzi kuti mwana alangizidwe ndithu koma asakhale pawiri. Mukanapita masana kukapepesa nkubwerako achimwene.

Mwana wa ku Linthipe:
Mayi ndakumvani, koma kupepesa nkubwerako amatero ndi mlendo. Awa ndi eni mbumba, fizi yanga ya sekondale analipira iwowa pogulitsa kachewere pamsewu, nsapato yanga yoyamba anagula iwo. Ine ndikapepese ndani poti wofedwa ndi ineyo?

Mphwanu wa ku Mtakataka:
Apa nde pali nkhani. Ife kuno ku Mua tinazionapo mbali zonse ziwiri. Mishoni inayamba 1902 ndipo ansembe oyambawo analimbana ndi zinyau kwambiri, sukulu ndi dambwe zimachita kulandana ana. Koma pa mishoni pomwepo mu 1976 bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni, malo a chikhalidwe ndi luso, lero mukalowa mu Chamare, nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya pamenepo, mupeza nkhope za gule zambirimbiri ndi tanthauzo la chilichonse, komanso za Angoni ndi Ayao. Iwo anasankha kukhala pansi ndi akuluakulu a mmidzi nkufunsa kuti ichi chimaphunzitsa chani mmalo mongoti nza satana. Ng'oma imene kale amaikana mtchalitchi lero pa Misa imalira bwinobwino. Sindikunena kuti zonse za ku dambwe nzabwino ayi, kuthamangitsa ana asukulu ndi kutukwana kuja ngakhale mafumu ena amadzudzula. Koma gule yemweyu UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, nde mkhristu wa ku Dedza azichita ngati sakumuona mpaka liti?

Mayi wa Chigwirizano, Dedza boma:
UNESCO siidzaweruza munthu tsiku lomaliza bambo. Ndipo a gulewo okha amadzitcha mpingo wa Aroni, nde ngati eni ake akuti ndi mpingo ife tikane bwanji kuti mapanga ndi awiri?

Wa ku Lizulu:
Ine ndingoponyapo za kwathu. Ku Umhlangano, mwambo wa pachaka wa Angoni, ku Nkolimbo pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani amene amavina ngoma atavala zikopa ndi nthenga ambiri ndi akhristu, ena madikoni enieni, Loweruka chishango mmanja Lamulungu jekete ndi Baibulo, palibe amawadula. Pamavuta ndi pa mowa ndi pa nsembe za mizimu basi, pamenepo ena amapatuka kaye. Nde ndimaona ngati mipingo inasankha yokha kuti mwambo uwu ulowe uwu ukhale panja, ndipo gule anagwera panja chifukwa ali ndi chinsinsi chake, malumbiro ake ndi chiphunzitso chake cha mizimu. Mawu oti akunja omwe akhristu amatchulira osapemphera aja ndimawaganiziranso, kunja kwa chani? Agogo anga amati kunja kwa mpanda wa mishoni. Nanga mayi wako akakhala kunja kwa mpandawo iwe utani?

Agogo a ku Kaphuka:
Ndibwerenso pang'ono. Mwambi sumati mapanga awiri ndi oipa, mverani bwino. Mvula simalowa m'phanga, imamupeza munthu panjira pakati pa mapangawo. Amene akunenedwa ndi wa mtima wosakhazikika, wobisa, uku akuti ndine wanu ukonso akuti ndine wanu. Ndawadziwa otero, usiku ali ku dambwe mmawa ali pa mgonero, amenewo nde ovumbwa. Koma makolo omwewo anatinso maliro nkulirana. Mwambi umodzi sungadye unzake. Mkulu wa mpingoyo mwina amakuchenjeza za mawa, osati kukuweruza za dzulo, pita ukamufunse mwaulemu.

Mwana wa ku Linthipe:
Zikomo agogo, apa mtima watsikako. Mayi a Chigwirizano sindikukutsutsani, mantha anuwo ndi oona, msuweni wanga tinabatizidwa tsiku limodzi pano ali ku dambwe. Koma ndikawerenga Yohane 17:15 Ambuye sanapemphe kuti ophunzira achotsedwe mdziko, anapempha kuti asungidwe kwa woipayo, ndipo ine usiku uja ndinali pa mphasa imodzi ndi mayi nditawagwira dzanja, ng'oma zikulira uko ine ndikuwanong'oneza nyimbo ya kwaya yomwe amaikonda ngakhale iwo sapemphera. Sindinabise kwa a gule kuti ndine mkhristu, anandipatsa chipanda cha masese ndinakana anaseka nkundibweretsera thobwa, ndipo sindinabisenso ku mpingo kuti ndinali kumeneko.

Chimene chatsala ndi bona chaka chamawa tikakolola. Abale agawana kale kuti aliyense asonkhe chimanga, china cha nsima china cha chimera cha mowa. Ine ndawauza kuti thumba langa lipite ku chigayo likhale la ufa, ndipo ndidzabwera kudzakhala ndi mayi. Mkulu uja ndikamuona Lachitatu tikaweruka ku mapemphero a mmilaga, ndikamuuze zimenezi iye asanamve kwa ena.