Thandizeni, dzina la mbalameyi likundipinda lilime

Wobisa dzina: Akuluakulu, ndine mphunzitsi wongoyamba kumene kuno ku Bembeke. Lachinayi kukubwera oyendera sukulu, ndipo m'phunziro langa muli dzina la sayansi la mbalame ina imene inatha padziko. Ndikalitchula ana amangofa nacho chikhakhali. Ahedi ndawafunsa, akungoti "werengani mmene lalembedwera." Mnzanga wokhala naye nyumba anabwereka dikishonale yanga teremu yatha, mpaka lero zii, chonsecho ngakhale makala sagulako ndi kuzizira kwa kunoku. Tulo sindikupeza. Maphatikizo ake ndiwadule pati?

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu: Mwana wanga, imeneyo ndi Archaeopteryx basi. Ar-chae-op-te-ryx, maphatikizo asanu. "Ch" ameneyo si wa chimanga ayi, amamveka ngati k. Mafupa ake anapezeka m'miyala ku Germany mu 1861. Aphunzitsi a masiku ano simuwerenga!

Mayi wa ku Lizulu: Wa dikishonaleyo musamusekerere, achimwene. Ine wina anabwereka sikelo yanga ya mbatatesi, anabweza itafa.

Mnyamata wa ku Linthipe: Bambo, mwadziwa bwanji? Mwinatu ndi dodo wa ku Mauritius, Raphus cucullatus, uja anatha m'zaka za m'ma 1600. Pamenepo chovuta ndi "ph". Ife timathamangira phala, pomwe ndi f: Ra-fus. Ndiponso yanuyo inali ndi mano, mbalame yanji imeneyo?

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu: Iwe, choko ndinayamba kugwira usanabadwe. Inali ndi nthenga ndi mapiko! Mano akukuvuta chiyani?

Wa kabaza, Dedza boma: Ana a fomu wanu adziwa kuti mwalakwitsa? Tchulani mokweza mutakwinya nkhope, palibe aseke.

Bambo wa ku Kasina: Mukulimbana ndi mbalame za kunja, za m'phiri la Dedza zikutha ndi malegeni. Mitengonso ndi makala anu omwewo.

Madamu, Tsangano: M'Chichewa phatikizo limathera lembo la liwu, n'chifukwa chake pakamwa pamafuna kunena "Rafusi". I wakumapetoyo mumezeni. Lembani dzinalo pa bolodi, dulani ndi timizere, anawo aziwomba m'manja pa phatikizo lililonse. Koma dzinalo ndi liti, aphunzitsi? Simunalilembetu.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu: Madamu, ndanena kale ndi Archaeopteryx. Wa ku Linthipe uja wathawira kuti?