Ndigule iti, Fairmont GT kapena Chevrolet SS?

Abale anga okonda magalimoto akale, makamaka inu muli kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ndine makaniko, ndipo ndapeza magalimoto awiri akugulitsidwa, koma thumba langa likungokwana imodzi basi.

Yoyamba ndi Ford Fairmont GT ya 1972, ya zitseko zinayi, injini yake 351 Cleveland V8. Ikulira bwino zedi, koma dzimbiri ladya pansi pa buti ndi m'munsi mwa zitseko, moti ukadina ndi chala penti ikungosweka. Inayo ndi Chevrolet SS ya zitseko ziwiri, yomwe kwenikweni ndi Holden Monaro ya ku Australia imene ankaimangira ku Port Elizabeth. Bodi yake ilibe vuto, kungoti mwini wake adachotsamo injini ya 308 n'kuikamo 350 ya galimoto ina.

Mtima wanga uli pa Fairmont. Dzimbiri silikundiopsa, kuwotcherera ndi ntchito yanga. Chondisowetsa tulo n'chakuti ena amatenga Fairmont wamba, kuimata zizindikiro za GT, n'kuikweza mtengo. Inu amene mudakhalapo nayo, mumayang'ana manambala ati pa chassis ndi pa injini kuti mutsimikize kuti ndi yeniyeni? Nanga zitsulo za bodi zikupezeka konkuno, kapena n'zoitanitsa ku Australia poti ndi mbale wake wa Falcon XY, galimoto ya Ford ya komweko?

Za SS, kodi kusintha injiniko kumaigwetsa mtengo kwambiri pogulitsa?

Wa Fairmont wandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno, chonde musachedwe.