Kodi mphamvu za wamatsenga ndi wankhondo ndingazilinganize bwanji?

Akuluakulu ndi anzanga, ndikupempha nzeru. Kuno ku Nchalo ndikukonza masewera a nthano ochitira patebulo ndi madayisi, motengera Dungeons & Dragons yomwe idatuluka mu 1974, koma nkhani yake ikuchitikira m'madambo a mtsinje wa Shire. Wosewera amasankha kukhala wankhondo, mlenje, sing'anga kapena wamatsenga.

Vuto ndi lakuti wamatsenga akakwera magawo a luso m'masewerawa amagoneka ng'ona ndi gulu lonse la adani ndi mawu amodzi, pomwe wankhondo amangobaya ndi mkondo womwewo, mpaka womusewera amayamba kuyasamula. Kodi ndichepetse matsenga ololedwa patsiku, kapena ndiwonjezere luso la wankhondo? Nanga amene amakonda kukambirana ndi mafumu m'malo momenyana, ndingawapatse bwanji mpata wokwanira popanda kutopetsa okonda nkhondo?